Mmene Mungakonzere Ulendo wa Tsiku Limodzi Wokaona Mathithi a Gullfoss ndi Akasupe Otentha Mukamaphunzira ku Iceland

Chiyambire 1989, pamene dziko la Iceland linayamba kugwira ntchito zachitukuko ndi Malawi, poyamba pa nkhani za usodzi ndipo pambuyo pake pa za umoyo, madzi ndi maphunziro m'boma la Mangochi, Amalawi akhala akupita ku Reykjavík, likulu la dzikoli, kukawonjezera maphunziro. Ambiri amapita kudzera m'mapulogalamu a GRÓ, amene ali pansi pa UNESCO ndipo amaphunzitsa za usodzi, za kubwezeretsa nthaka yoguga, za mphamvu ya kutentha kochokera pansi pa nthaka komanso za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi. Maphunzirowa amatenga miyezi 5 kapena 6, ndipo miyeziyo imatha munthu ali wowerama pa kompyuta. Malangizo awa ndi a wophunzira wotere, amene wapeza Loweruka limodzi lopanda ntchito, ali ndi alawansi yowerengeka, ndipo akufuna kuona mathithi ndi kusamba m'madzi otentha a m'kasupe n'kubwerera kukagona ku chipinda chake tsiku lomwelo.

Njira imene ikufotokozedwa pano ndi imene anthu amaitcha Golden Circle, powonjezerapo dziwe la ku Flúðir. Mumachoka ku Reykjavík kupita ku Þingvellir, kenako ku Geysir, ku Gullfoss, ku Flúðir, n'kubwerera kudzera ku Selfoss. Mtunda wonse ndi pafupifupi makilomita 250, ndipo galimoto itamayenda osaima ingathe maola osapitirira 4. Mtunda wotere sudetsa nkhawa. Zimene zimalamulira tsikuli ndi dzuwa ndi mphepo, ndipo popeza mathithi amafuna kuwala pamene dziwe la madzi otentha limakoma ngakhale mu mdima, dongosolo lake ndi lakuti mathithi akhale poyamba, kusamba kukhale pomaliza, ndipo maola onse muwawerengere chobwerera m'mbuyo kuchokera pa nthawi imene dzuwa lidzalowe.

Gawo loyamba: sankhani tsiku poyang'ana dzuwa ndi mphepo

Musanafunse n'komwe mtengo wa basi, fufuzani ola limene dzuwa lidzatuluke ndi limene lidzalowe pa tsiku limene mukuliganizira. Chakumapeto kwa Disembala dzuwa limatuluka ku Reykjavík 11 koloko itadutsa n'kulowa cha m'ma 3:30 masana, ngakhale kuti mbandakucha ndi chisisira zimatalika moti njira imaoneka kwa pafupifupi ola limodzi dzuwa lisanatuluke ndiponso litalowa. Mu Juni dzuwa limakhala kumwamba maola pafupifupi 21 ndipo mdima weniweni subwera. Wofika m'dzikoli mu Januwale achita bwino kudikira mpaka kumapeto kwa Febuluwale kapena Malichi, pamene masana amakhala atatalikirako, koma ngati pulogalamu yanu ithera m'nyengo yozizira, ulendowu ndi wotheka ndithu malinga musazengereze panjira.

Mukasankha tsiku, muzitsegula tsamba la a zanyengo la vedur.is kuyambira masiku atatu ulendo usanachitike, ndiponso m'mawa wa tsikulo. Pano pali msampha umene umakola alendo ambiri: liwiro la mphepo amalilemba m'mamita pa sekondi. Munthu wozolowera makilomita pa ola akaona nambala 20 amaganiza kuti ndi kamphepo kayaziyazi, chonsecho mamita 20 pa sekondi ndi makilomita 72 pa ola, mphepo yokhoza kukankhira galimoto yaing'ono kunja kwa msewu woterera. Chulukitsani nambalayo ndi 3.6 kuti mudziwe chimene mukukumana nacho. A zanyengo amatulutsanso machenjezo a mitundu itatu, lachikasu, la olenji ndi lofiira. Maganizo anga ndi akuti chenjezo lachikasu ndi lokwanira kuimitsa ulendo wa munthu woyendetsa yekha amene sanakulire m'dzikoli, ndipo la olenji kapena lofiira likatuluka pasakhalenso zokambirana.

Za mmene misewu ilili muzipeza pa umferdin.is, pamene msewu uliwonse umapakidwa mtundu wosonyeza ngati uli bwino, uli woterera, wakutidwa ndi chipale chofewa kapena watsekedwa. Pa safetravel.is, tsamba la gulu la opulumutsa anthu pangozi, mungathe kulembetsa dongosolo la ulendo wanu. Nambala ya ngozi ndi 112. Dziwitsaninso woyang'anira pulogalamu yanu kumene mukupita ndi ola limene mukuyembekeza kubwerera.

Gawo lachiwiri: basi ya alendo kapena galimoto ya hayala

Mabasi a Strætó, amene mumakwera mu mzinda, sangakuzungulitseni malo onsewa tsiku limodzi, choncho zosankha ndi ziwiri. Yoyamba ndi kulipira ulendo wa kampani yonyamula alendo. Mabasi ambiri otere amanyamukira pa siteshoni ya BSÍ kapena amatenga anthu pa malo oikika mu mzinda, ndipo ulendo wokhala ndi kusamba umatenga maola 9 kapena 10. Polipira, werengani bwino kuti muone ngati mtengowo ukuphatikizapo tikiti yolowera ku dziwe, chifukwa maulendo ena a Golden Circle alibe kusamba m'kati mwake. Ubwino wa basi ndi wakuti dalaivala anazolowera misewu ya madzi oundana, ndipo nyengo ikaipa kampani ndiyo imaimitsa ulendo n'kukupatsani tsiku lina kapena kukubwezerani ndalama. Kuipa kwake ndi kwakuti pamalo aliponse mumapatsidwa mphindi zowerengeka, ndipo mumafika limodzi ndi mabasi ena onse.

Yachiwiri ndi kusonkherana anthu anayi n'kuchita hayala galimoto yoyendetsa nokha. Mukagawana mtengo wa galimoto, mafuta ndi malo oimika, nthawi zambiri aliyense amalipira zochepa kuyerekeza ndi tikiti ya basi. Makampani ambiri amafuna kuti woyendetsa akhale wa zaka 20 kapena kuposerapo, akhale ndi laisensi imene wakhala nayo kwa chaka chathunthu, komanso khadi la ku banki limene angatsekerepo ndalama ya chikole. Alembereni pasadakhale kuti atsimikize ngati alandira laisensi yanu ndi mtundu wa khadi lanu, kuopa kukabwezedwa pa kauntala m'mawa anzanu atanyamula kale zikwama.

Woyendetsa wochokera ku Malawi kapena ku Zambia akumbukire kuti ku Iceland galimoto zimayenda kumanja kwa msewu, chiwongolero chili kumanzere, ndipo magiya amasinthidwa ndi dzanja lamanja. Ngati thumba likulola, tengani galimoto yosintha yokha magiya kuti maganizo onse akhale pa msewu. Nyali za galimoto zimayenera kuyaka usana ndi usiku, aliyense amange lamba, ndipo liwiro lisapitirire makilomita 90 pa ola pa msewu wa phula kunja kwa mzinda, 80 pa msewu wa miyala ndi 50 m'matauni. Pa raundabauti ya mizere iwiri, amene ali mu mzere wa m'kati ndiye ali ndi ufulu wotuluka poyamba, lamulo limene limadabwitsa pafupifupi mlendo aliyense. Chikwangwani cholembedwa kuti Einbreið brú chimachenjeza za mlatho wodutsa galimoto imodzi, ndipo wofika poyamba ndiye amawoloka poyamba. Kutuluka mu msewu n'kuyendetsa m'tchire ndi mlandu wa chindapusa chachikulu, chifukwa ndere zimene zimamera pa miyala ya chiphalaphala zimatenga zaka makumi angapo kuti zimerenso. Musaime pakati pa msewu kuti mujambule zithunzi ngakhale kutsogolo ndi kumbuyo kukuoneka kopanda galimoto. Potsegula chitseko, chigwireni ndi manja awiri, popeza mphepo imatha kuchitsomphola n'kuchipinda, ndipo inshulansi yambiri silipira zowonongeka zotere.

Kuyambira Novembala mpaka Malichi, munthu amene sanayendetsepo pa madzi oundana akwere basi. Matayala a timisomali amene amaikidwa ku galimoto za hayala m'nyengo imeneyi amathandiza, koma saphunzitsa phazi kuponda mabuleki mofatsa.

Gawo lachitatu: sungitsani malo ku dziwe, ndipo kayeseni kaye kusamba mu mzinda

Dziwe la ku Flúðir limadziwika ndi mayina awiri, Gamla Laugin ndi Secret Lagoon. Limalandira anthu owerengeka pa ola, choncho sungitsani malo pa intaneti masiku angapo ulendo usanafike. Ola limene mudzasankhe ndilo lidzamanga tsiku lonse. M'nyengo yozizira sankhani cha m'ma 4 koloko madzulo, dzuwa litangolowa, ndipo m'nyengo yotentha mungathe kukankhira mpaka 5 kapena 6 koloko, mutaona kaye nthawi imene amatseka. Ngati malo atha, ku Laugarvatn, mudzi umene uli panjira yomweyi, kuli malo osambira a Fontana m'mphepete mwa nyanja yaing'ono.

Pali nkhani imene ndi bwino kuikonzekera mu mtima musanafike, chifukwa kwa ambiri a ife ndi yolemera kuposa kuzizira. Ku Iceland munthu salowa m'dziwe la anthu onse asanasambe thupi lonse ndi sopo ali wosavala. Amuna ali ndi chipinda chawo, akazi chawo, koma m'malo ambiri mashawa amakhala pa mzere popanda chotchinga. Lamuloli lili ndi chifukwa chake: madzi a m'maiwe otere sathiridwa mankhwala ambiri ophera tizilombo, ndipo ena sathiridwa n'komwe, motero ukhondo wa dziwe umadalira ukhondo wa olowamo. Pakhoma pamakhala chithunzi cha munthu chosonyeza malo oyenera kutsukidwa, omwe ndi mutu, m'khwapa, malo obisika ndi mapazi, ndipo woyang'anira sachita manyazi kubweza munthu amene wangodzinyowetsa atavala kabudula. Eni dziko anazolowera zimenezi kuyambira ali ana, ndipo palibe amene amayang'ana mnzake.

Njira yabwino yochotsera mantha ndi kupita kaye ku limodzi la maiwe a mu mzinda, monga Laugardalslaug, Vesturbæjarlaug kapena Sundhöllin, amene ndi otsika mtengo, n'kuphunzira ndondomeko yake popanda kuthamangitsidwa ndi nthawi. Mumavula nsapato musanalowe m'chipinda chovulira n'kuziika pa shelefu. Mumaika zovala m'kabati yokiya, n'kutenga chopukutira ndi chovala chosambira m'manja. Chopukutira mumachisiya pa kashelefu ka pafupi ndi mashawa, mumasamba ndi sopo amene amakhala pomwepo, kenako mumavala chosambira n'kutuluka kupita ku dziwe. Pobwerera mumasambanso ndi kudzipukutiratu musanaponde kumene kuli makabati, chifukwa kudonthezera madzi pansi pamene anzanu akuvalira sokosi kumaonedwa ngati kupanda khalidwe. Foni isatuluke m'chikwama m'zipinda zimenezi. Ngati kusamba pagulu n'kosatheka kwa inu pa zifukwa za chipembedzo kapena za thupi, funsani posungitsa malo ngati ali ndi kachipinda kotchinga, popeza malo ena ali nato.

Gawo lachinayi: zovala ndi kamba

Valani zovala zosanjikiza zitatu. M'kati mukhale chovala chothina cha ubweya wa nkhosa kapena cha nsalu yosasunga thukuta, pakati juzi yochindikala, ndipo kunja jekete ndi buluku zosalowa madzi ndi mphepo. Jinzi ndi malaya a thonje zisiyeni, chifukwa zikanyowa ndi madzi owazika a ku mathithi siziuma tsiku lonse ndipo zimayamwa kutentha kwa thupi. Onjezerani chipewa chophimba makutu, magolovesi, sokosi za ubweya ziwiri ziwiri, ndi nsapato za jombo zogwira pansi. M'nyengo yozizira gulani timaunyolo ta minga tokoleka kunsi kwa nsapato, timene eni dziko amati mannbroddar, chifukwa tinjira ta ku Gullfoss ndi ku Geysir timasanduka madzi oundana okhaokha. Ambulera ndi katundu wachabe m'dziko limene mvula imagwa chopingasa. Zovala zatsopano ndi zodula kwambiri, koma kaunjika aliko: masitolo a Red Cross amagulitsa majekete ndi majuzi abwino, ndipo msika wa Kolaportið, pafupi ndi doko, umatsegulidwa Loweruka ndi Lamlungu.

M'chikwama ikani chovala chosambira, chopukutira, jumbo yoikamo zonyowa, mafuta odzola, chiphaso chanu, ndi batire lapadera lotchajira foni, popeza kuzizira kumatha batire mofulumira. Chopukutira ndi chosambira amabwereketsa ku dziwe, koma pa mtengo umene ungakugulireni chakudya chamasana.

Kamba gulani dzulo lake ku Bónus kapena ku Krónan, chifukwa masitolo otsika mtengowa satsegula m'mamawa. Buledi wopaka chiponde, mazira owiritsa, nthochi, mtedza ndi fulasiki ya tiyi wa mkaka zimakwanira. Madzi a m'botolo musagule: a pa mpopi wozizira ndi abwino kwambiri, ndipo fungo longa la mazira owola limene mumalimva ku bafa limachokera ku mpopi wa madzi otentha okha, amene amabwera ndi sulufule kuchokera pansi. Ndalama za mapepala sizifunika kwenikweni, khadi limagwira ntchito paliponse, koma dziwani nambala yake yachinsinsi, chifukwa pa malo ambiri othira mafuta mumadzithirira nokha. Makina akakufunsani, sankhani kuchuluka kwa ndalama m'malo mosankha kudzaza thanki, apo ayi banki imatsekera ndalama yambiri kwa masiku angapo.

Gawo lachisanu: Þingvellir

Nyamukani 8 koloko m'nyengo yotentha, kapena cha m'ma 9:30 pakati pa nyengo yozizira kuti mukafike kukuyera. Tsatani msewu 1 kulowera ku Mosfellsbær n'kukhotera mu msewu 36, ndipo pakatha mphindi 45 mudzakhala mwafika. Pa mapu a m'foni dzinali limapezekanso mukalemba Thingvellir. Kulowa ndi kwaulere koma poimika galimoto mumalipira, ndipo makamera amawerenga nambala ya galimoto, choncho amene wazemba amakapeza ngongoleyo ku kampani ya hayala itawonjezeredwa.

Yambirani pa malo okwera a Hakið, pamene mumaona nyanja ya Þingvallavatn, kenako tsikani m'mpata wa Almannagjá pakati pa makoma a miyala yakuda. Apa zigawo ziwiri zikuluzikulu za nthaka ya dziko lapansi, cha North America ndi cha Eurasia, zikutalikirana ndi masentimita pafupifupi 2 pa chaka. Nyanja ya Malawi nayo ili m'chigwa chimene chinapangika ndi kung'ambika kwa nthaka kotere, ndipo n'chifukwa chake ku Chiweta ndi ku Nkhotakota kuli akasupe otentha. Pamalo pano ndi pamene msonkhano wa malamulo wa Alþingi unkakumana kuyambira m'chaka cha 930 mpaka 1798, ndipo pa 17 Juni 1944 dziko la Iceland linalengezedwa pomwepa kukhala lodzilamulira kotheratu, losiyana ndi ufumu wa Denmark. UNESCO inaika malowa pa mndandanda wa malo a mbiri ya dziko lonse mu 2004. Kanjira ka m'mpatamo kamakufikitsani pa mathithi aang'ono a Öxarárfoss, oyamba a tsikuli. Ola limodzi ndi theka likukwanira. Mu Disembala ndi Januwale dulani kufika mphindi 45, chifukwa kuwala kumene mungawononge pano mukakufuna ku Gullfoss.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: Geysir

Kuchoka ku Þingvellir tsatani msewu 36, kenako 365 mpaka ku Laugarvatn, kumene anthu amaphika buledi wakuda pokwirira mphika mu mchenga wotentha wa m'mphepete mwa nyanja kwa maola 24, kenako msewu 37 ndi 35. Ndi ulendo wa pafupifupi ola limodzi. Chigwa cha Haukadalur mudzachizindikira ndi nthunzi zimene zimaoneka muli patali.

Kasupe wamkulu wotchedwa Geysir masiku ano amakhala chete kwa zaka. Amene mwabwerera ndi Strokkur, amene amaponya madzi m'mwamba pa mphindi 5 mpaka 10 zilizonse, kawirikawiri kufika mamita 15 mpaka 20, ndipo nthawi zina kuposerapo. Pansi pa dzenjelo madzi amatentha kupitirira madigiri 100 koma sawira chifukwa cha kulemera kwa madzi a pamwamba pake. Ena akasefukira kunja kulemerako kumachepa, a pansi aja amasanduka nthunzi nthawi imodzi, ndipo nthunziyo imakankha zonse zimene zili pamwamba. Musathamangire kujambula ulendo woyamba. Imani muyang'ane pakamwa pa dzenje: madzi amakwera, amatsika, amakweranso ngati akufuna kusefukira, kenako amatukumuka n'kupanga chithovu chachikulu cha buluu chosalala, ndipo diso lisanaphethire chimang'ambika. Dzenje limatsala lopanda kanthu, madzi n'kumabwerera m'menemo mozungulira. Mukaona zimenezi kawiri mudzadziwa nthawi yodina kamera.

Musanasankhe poima, onani kumene nthunzi ikulowera ndi mbali imene pansi panyowa, ndipo muime mbali inayo, mphepo ikuwombeni kumsana. Zingwe zimene anamanga m'mbali mwa tinjira musazidumphe, popeza nthaka ya kuseri kwake ili ndi malo opyapyala amene pansi pake pali matope owira. Timifuleni toyenda m'mbali mwa njira musatiyese ndi chala, madzi ake amakhala pa madigiri 80 mpaka 100. Chipatala chapafupi chili ku Selfoss, makilomita pafupifupi 60 kuchokera pano. Wina akapsa, thirani madzi ozizira pa balalo mosalekeza kwa mphindi 20, osaikapo chipale chofewa, mafuta, dzira kapena mankhwala otsukira mano, ndipo imbani 112 ngati bala ndi lalikulu. Idyani kamba wanu pano kapena m'galimoto, ndipo gwiritsani ntchito zimbudzi za pa nyumba ya alendo ya tsidya lina la msewu.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: Gullfoss

Mathithi a Gullfoss ali pa mtunda wa makilomita 10 okha kuchokera ku Geysir. Konzani kuti mufike kudakali maola awiri kuti dzuwa lilowe m'nyengo yozizira, ndipo ngati mwachedwa panjira, dutsani pa Geysir osaima, mukaone mathithi kaye, Strokkur mudzamuone pobwerera, chifukwa iye amaonekabe ndi chisisira.

Mtsinje wa Hvítá umachokera ku chimulu chachikulu cha madzi oundana cha Langjökull. Pa Gullfoss umagwa kawiri, poyamba mamita 11, kenako n'kukhota n'kugwanso mamita 21 kulowa m'chigwembe chopapatiza, kuphatikiza mamita 32. Pali mathithi ambiri otalika kuposa amenewa, koma mphamvu ya Gullfoss ili pa kuchuluka kwa madzi ndi pa kukhota kuja: mukamayandikira, chigwembecho chimabisika, moti mtsinje wonse umaoneka ngati ukumezedwa ndi nthaka. Malo oimika galimoto ndi awiri, a kumtunda, kumene kuli nyumba yodyera ndi zimbudzi, ndi a kumunsi, ndipo amalumikizidwa ndi masitepe. Yambirani kumtunda kuti muone maonekedwe onse a mtsinje, kenako tsikani mutsate kanjira kopita pa thanthwe limene lili pakati pa magawo awiri a mathithiwo. Tsekani zipi ya jekete ndi kubisa foni musanafike pakati pa kanjirako, chifukwa madzi owazika kuchokera m'chigwembe amanyowetsa munthu m'mphindi imodzi, ndipo phokoso limakula kufikira mnzanu wa pambali simukumumva. Dzuwa likawala masana, utawaleza umaima pamwamba pa madziwo. M'nyengo yozizira madzi owazikawa amaundana pa kanjirako ndipo amakatseka ndi chipata. Mudzaona alendo ena akudumpha chipatacho, inu musawatsatire, popeza kunsi kwa kanjirako kulibe chogwira.

Pafupi ndi kanjira pali mwala wachikumbutso wa Sigríður Tómasdóttir, mwana wa mlimi wa pa famu ya Brattholt. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, mathithiwa anachititsidwa lendi kwa anthu ofuna kupangirapo magetsi, ndipo mayiyu analimbana nazo mpaka ku khoti, akuyenda maulendo ataliatali opita ku Reykjavík. Loya wake anali Sveinn Björnsson, amene pambuyo pake anakhala pulezidenti woyamba wa Iceland. Mlanduwo sanapambane, koma ntchito ya magetsiyo inalephereka ndipo pangano la lendi linatha chifukwa ndalama zake sizinkalipidwa. Malowa anakhazikitsidwa kukhala otetezedwa mu 1979. Ngati pali chinthu chimodzi choyenera kuchiwonongera ndalama tsikuli, ndi mbale ya supu wotentha wa nyama ya nkhosa, kjötsúpa, ku nyumba yodyera ya kumtunda, zala zitauma ndi kuzizira.

Gawo lachisanu ndi chitatu: kusamba ku Flúðir

Bwererani pang'ono mu msewu 35 n'kukhotera mu msewu 30, ndipo pakatha theka la ola mudzafika ku Flúðir, mudzi wa nyumba zagalasi zolimamo ndiwo zamasamba ndi bowa pogwiritsa ntchito kutentha kwa pansi. Dziweli linakumbidwa mu 1891 ndipo limatengedwa kukhala dziwe losambira lakale kwambiri m'dzikoli. Madzi ake amachokera mu akasupe a pambali pomwepo, amalowa ndi kutuluka mosalekeza, ndipo amakhala pa madigiri 38 mpaka 40 chaka chonse. Pansi pake ndi pa timiyala, ndipo munthu wamkulu amatha kuimirira madzi n'kulekeza cha m'chifuwa, motero wosadziwa kusambira asade nkhawa, angokhala chakufupi ndi m'mphepete.

Vulani ndolo, mikanda ndi mphete za siliva, chifukwa sulufule amazidetsa. Amayi amene aluka tsitsi lalitali alimange pamwamba, avale kachipewa kosambira ndipo asamize mutu, popeza tsitsi loluka likanyowa limatenga maola kuti liume, ndipo kutuluka nalo panja pozizira ndi kuzunzika kosafunika. Mtunda wovuta ndi wa masitepe ochepa ochokera pa chitseko kufika m'madzi. Yendani mofulumira koma osathamanga, chifukwa pansi pamaterera. Mukalowa, yambirani pakati, ndipo yandikirani mwapang'onopang'ono mbali imene madzi a m'kasupe amalowera, chifukwa kumeneko amatentha moti khungu limachita kuluma.

Khalani m'madzi mphindi 15 kapena 20, kenako khalani m'mphepete thupi lipume, imwani madzi, n'kulowanso. Madzi otentha amatsitsa kuthamanga kwa magazi, ndipo amene wadzuka mwadzidzidzi atakhalitsa amatha kuchita chizungulire. Amayi oyembekezera ndi anthu odwala mtima kapena BP afunse dokotala asanakonze n'komwe ulendowu. Mowa amagulitsa pomwepo, koma woyendetsa asalawe ngakhale pang'ono. Kuzungulira dziweli kuli kanjira ka matabwa kodutsa pa akasupe owira ndi kakasupe kamene kamaponya madzi m'mwamba pa mphindi zingapo zilizonse, ndipo akasupe amenewa ndi oyang'ana chabe. Kuyambira Seputembala mpaka kumayambiriro kwa Epulo, kumwamba kukakhala kopanda mitambo, muziyang'ana chakumpoto, mwina mungaone kuwala kobiriwira kumene kumavina mu mlengalenga usiku. Mukatuluka, sambaninso ndi kudzola mafuta ambiri, chifukwa madzi amenewa ndi mphepo youma zimatuwitsa khungu.

Amene akufuna kusamba mu mtsinje weniweni popanda tikiti apite ku Reykjadalur, pamwamba pa tauni ya Hveragerði, koma aupatse tsiku lakelake. Pali chitunda cha makilomita oposa 3 chokwera wapansi, njira imadutsa pafupi ndi maenje a matope owira, ndipo kumtunda kulibe zipinda zovulira, kuli timakoma ta matabwa chabe, moti chitenje chimagwira ntchito yaikulu.

Gawo lomaliza: kubwerera

Musanayatse galimoto, tsegulaninso umferdin.is. Kuchoka ku Flúðir kufika ku Reykjavík ndi makilomita pafupifupi 100, ola limodzi ndi theka, kudzera mu msewu 30 ndi msewu 1, ndipo chigawo chovuta chili kumapeto, pa chitunda cha Hellisheiði kupitirira Hveragerði, chimene chimatsekedwa kawirikawiri kukakhala mphepo ya chipale chofewa. Chikatsekedwa pali njira ina ya Þrengsli, msewu 39, ndipo zonse ziwiri zikatsekedwa funani pogona ku Selfoss kapena ku Hveragerði n'kudziwitsa woyang'anira pulogalamu. Madzi otentha amabweretsa tulo, choncho wokhala pambali pa dalaivala asagone, azimucheza, ndipo muime ku Selfoss kuti amwe tiyi kapena khofi. M'nyengo yotentha chenjerani ndi nkhosa zoyenda zokha m'mbali mwa msewu, makamaka mwana akakhala mbali ina mayi wake mbali ina.

Thirani mafuta kufika pamene munawapeza musanabweze galimoto, ijambuleni mbali zonse monga munachitira poitenga, ndipo sungani malisiti a malo oimika. Gawanani ndalama usiku womwewo onse mudakali pamodzi, koma uzani anzanu kuti chikole cha pa khadi la woyendetsa chimatenga masiku angapo kuti chimasulidwe, ndipo chilichonse chimene kampani ingadule pamenepo ndi cha gulu lonse.